Kusinkhasinkha Malembo Oyera ndi Kukula kwa Makhalidwe Okoma: Zimene Tiphunzira ku Mwanza

Mau oyamba

Palibe mbadwo wa akhristu m'Malaŵi muno umene udakhala ndi Baibulo pafupi monga mbadwo wathu uno. Buku limene makolo athu ankangolimvera m'kamwa mwa wansembe ndi mwa mphunzitsi wa katekisimu, lero lili m'nyumba zambiri, limaŵerengedwa pa wailesi, ndipo achinyamata ena amayenda nalo m'foni. M'maparishi a Arkidayosizi ya Blantyre, monga ku Mwanza ndi ku Neno, akhristu amasonkhana m'malimana mwao kudzamva mau a Mulungu ndi kukambirana za moyo wao. Zonsezi nzoyenera kuthokozera Mulungu.

Komabe wansembe aliyense amene wakhala akumvera anthu m'sakramenti la kulapa kwa zaka zingapo, ali ndi funso limene limamsoŵetsa tulo: zimatheka bwanji kuti munthu amve Mthenga Wabwino zaka 30, koma ukali wake, bodza lake ndi mantha ake nkukhalabe monga zidaaliri pachiyambi? Funsoli silikhudza akhristu eni ake okha ai. Litikhudzanso ife ansembe, amene timatsekula buku loyerali tsiku ndi tsiku pa Misa ndi pa mapemphero a Eklezia, ndiponso inu abale amene muli m'seminale, amene mumalemba mayeso a Malembo chaka ndi chaka.

Yankho limene ndifuna kulongosola ndi ili: Malembo amakulitsa khalidwe lokoma ndi kulimbitsa chikhulupiriro pokhapokha alandiridwa mwa pemphero, asungidwa mumtima, ndi kumfikitsa munthu pa ntchito ina yooneka, imene adzaibwereza mpaka isanduke chikhalidwe chake. Kuŵerenga kumene sikufika pamenepo kumatha ngati mame a m'maŵa. Zitsanzo ndizitenga m'boma la Mwanza, chifukwa mbiri ya bomali ili ndi mayeso okwanira kuyesa chikhristu cha munthu aliyense.

1. Khalidwe lokoma nchiyani?

Pa Chicheŵa tikafuna kutama wina timati, “Uje ndi munthu.” Ponena choncho sititanthauza kuti adachitapo chabwino tsiku lina, pakuti ngakhale mbala imatha kumgaŵira mwana wanjala chakudya. Titanthauza kuti ubwinowo udakhazikika mwa iye, kotero kuti tingathe kudziŵiratu zimene adzachite maŵa, ngakhale pamene palibe womuona.

Anzeru akale a ku Greece adaona zomwezo. Aristotle, amene adamwalira m'chaka cha 322 Khristu asanabadwe, adaphunzitsa kuti khalidwe lokoma sitibadwa nalo, koma timalipata pobwerezabwereza ntchito zake. Monga momwe mai amakhalira mmisiri wa mbiya poumba mbiya zambiri, zina zopindika, zina zosweka pa moto, momwemonso munthu amakhala wolungama pochita zolungama kaŵirikaŵiri. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adalandira chiphunzitsochi, naonetsa zizindikiro zitatu za khalidwe lokhazikika: munthu amachita chabwinocho mosasinthasintha, mosazengereza, ndiponso mokondwa. Amene anena zoona lero, maŵa nkunama, kapena amene anena zoona akukukuta mano, ali pa njira ndithu, koma sanafike.

Makhalidwe aakulu amene ena onse amatsamirapo ndi anai: nzeru zosankhira bwino, chilungamo, kulimba mtima ndi kudziletsa. Buku la Nzeru za Solomoni limaŵatchula onse anai m'mutu 8. Pamwamba pa ameneŵa pali ena atatu amene munthu sangaŵapate ndi khama lake: chikhulupiriro, chiyembekezo ndi chikondi. Ameneŵa ndi mphatso, Mulungu amaŵathira mumtima pa ubatizo. Tsono pali funso limene lavuta ophunzira ambiri: ngati ena timaŵapata ndi khama, ndipo ena ndi mphatso, nanga amakumana bwanji mwa munthu mmodzi?

Alimi a ku Mwanza angatithandize. Bomali lidatchuka ndi manachesi, ndipo nyengo yozizira ikafika madengu ake amandanda m'mbali mwa mseu wochokera ku Blantyre kupita ku Tete. Mlimi amene adaphunzira kumezanitsa mitengo amayamba wafesa mbeu za mandimu, chifukwa mtengo wa ndimu uli ndi mizu yolimba, yopirira chilala ndi nthaka yovuta. Kamtengoko kakakula pang'ono, amang'amba khungwa lake, naloŵetsamo diso lochokera ku mtengo wa nachesi wobereka bwino, namanga. Disolo likagwira, amadula mutu wa ndimu uja kuti mphamvu zonse za mtengo zipite ku mphukira yatsopanoyo. Mizu imakhalabe ya ndimu, koma zipatso zimadzakhala manachesi. Ntchito siithera pomwepo: tsinde lakale limaphukabe m'munsi, ndipo mlimi akazilekerera mphukira zimenezo, zimakula msanga kupambana nachesi uja, mpaka mtengo wonse nkubwerera ku mandimu.

Tsinde ndilo umunthu umene tidalandira kwa makolo, pa mtondo, pa bwalo ndi pa maliro: ulemu, kupirira, kulandira alendo. Diso ndilo moyo wa Mulungu mwa ife. Thomas Woyera ankanena kaŵirikaŵiri kuti chaulere cha Mulungu sichiwononga chibadwa cha munthu, chimachifikitsa pake penipeni. Mulungu sazula tsinde, ndipo mlaliki amene amanyoza mwambo wonse wa makolo akudula mizu ya mtengo umene afuna kuti ubereke. Koma tsinde palokha silingabereke chikondi chofika mpaka kwa mdani. Kalata ya Yakobe, m'mutu woyamba, imatilangiza kuti tilandire mofatsa mau amene adaikidwa mwa ife, ndipo Baibulo lachilatini lidagwiritsa ntchito pamenepo liwu lakuti insitum, limene alimi ankanenera mtengo womezanitsa. Kusinkhasinkha Malembo ndiyo ntchito ya mlimi amene amayendera mtengo wake, kuona ngati diso lagwira, ndi kuthyola mphukira zakale zisanakhwime.

2. M'mene Baibulo lidafikira m'manja mwa akhristu

Ansembe a chipani cha Montfort adatsekula mishoni ya Nzama ku Ntcheu mu 1901, ndipo mu 1906 adatsekula ya Neno, dera limene lidali mbali ya boma la Mwanza mpaka 2003. Pa zaka zoyambazo mkatolika ankaleredwa ndi katekisimu, kolona, nyimbo ndi nkhani zosankhidwa za m'Malembo. Tisanyoze maleredwe ameneŵa, pakuti adabala akhristu olimba. Koma Baibulo lathunthu silidali m'manja mwao, pomwe abale athu a mipingo ina adali nalo kale Buku Lopatulika kuyambira 1922.

Zinthu zidasintha ndi Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican. Chikalata chake chonena za chivumbulutso, Dei Verbum, cha pa 18 November 1965, chidalamula kuti akhristu onse atsekuliridwe khomo la Malembo, ndipo chidachenjeza ansembe makamaka kuti asakhale olalika mau amene iwo eni sakuŵamvera mumtima. Mu 1966 adatuluka Malembo Oyera, Baibulo lachikatolika limene adamasulira Bambo Louis Villy a chipani cha White Fathers. Mu 1998 lidatuluka Buku Loyera, limene akatolika adamasulira pamodzi ndi mipingo ina.

Buku lokha silikwanira, pafunikanso malo oliŵerengera. Maepiskopi a m'chigawo cha AMECEA, pa misonkhano yao ya mu 1973 ndi 1976, adagwirizana kuti timagulu ta akhristu oyandikana nyumba tikhale maziko a ntchito yonse ya utumiki. Ambuye Patrick Kalilombe adazitengera patsogolo zimenezi mu Dayosizi ya Lilongwe pa sinodi ya 1973 mpaka 1975, ndipo kumeneko timaguluti timatchedwa miphakati, pomwe kuno kumwera ambiri amati malimana. Choncho buku lilipo, malo alipo. Chimene chatsala ndi kaŵerengedwe.

3. Kaŵerengedwe katatu kosabala zipatso

Koyamba ndi kusandutsa Baibulo ula. Munthu ali pa vuto, atsekula buku paliponse, ndipo vesi limene chala chagwerapo ndilo yankho lake. Wina afunafuna mavesi okhaokha olonjeza chuma, ulendo wabwino wa ku Johannesburg, kapena kugwa kwa adani. Wina aika bukulo kunsi kwa pilo ngati chithumwa. Mulungu sanyoza kulira kwa mmphaŵi, ndipo ifenso tisakunyoze. Koma woombeza safunsidwa kuti asinthe mtima. Iye amangofuna kudziŵa amene wamlodza ndi mankhwala ake. Woŵerenga motere amatuluka monga momwe adaloŵera.

Kachiŵiri ndi kusandutsa Baibulo chibonga. Pa msika, m'basi, ngakhale pa maliro, timamva akhristu akuponyerana mavesi kuti aone wogonja. Kudziŵa kufotokoza chikhulupiriro chathu nkofunika. Koma kuloŵeza mavesi si chizindikiro cha kuyera mtima: m'nkhani ya kuyesedwa kwa Ambuye m'chipululu, Satana yemwe adatchula salimo molondola. Khalidwe limene limakula ndi kaŵerengedwe kotere ndi kunyada.

Kachitatu nkathu ife. Wansembe amatsekula Mthenga wa Lamulungu ndi funso limodzi lokha: ndikaŵauza chiyani? Wophunzira m'seminale naye ali ndi lake: adzafunsa chiyani pa mayeso? Mafunso onse aŵiri ngabwino, ndipo maphunziro ozama a Malembo, a zilankhulo zake ndi a mbiri yake, ndiwo amatitchinjiriza ku ula ndi ku chibonga zomwe. Koma munthu angathe kuphikira mudzi wonse zaka zambiri iye mwini osadya. Wansembe wotere sagwa tsiku limodzi. Amafota pang'onopang'ono, ndipo akhristu amayamba kuzindikira iye asanazindikire.

4. M'mene kusinkhasinkha kumagwirira ntchito

Amonke akale ankayerekeza kusinkhasinkha ndi kubzikula kwa ng'ombe, imene imadya msipu masana, nkumabweza chakudyacho madzulo kuti ichitafune bwino. M'zaka za m'ma 1100, Guigo, mkulu wa amonke a ku Grande Chartreuse ku France, adalongosola njira imeneyi, yotchedwa lectio divina, m'makwerero anai: kuŵerenga, kusinkhasinkha, kupemphera, ndi kukhala chete pamaso pa Mulungu. Papa Benedict XVI, m'chikalata chake Verbum Domini cha mu 2010, adakumbutsa kuti njirayi siinathe mpaka itafika pa ntchito. Tifunse tsono monga ophunzira filosofi: zimenezi zimalikhudza bwanji khalidwe? Pali njira zinai.

Poyamba, zimadzaza nkhokwe ya chikumbumtima ndi zokumbukira. Thomas Woyera adaŵerengera kukumbukira pakati pa zigawo za nzeru zosankhira bwino, ndipo chifukwa chake nchoonekeratu. Mayeso sapangana nafe tsiku. Pamene wina akukutambasulira envulopu, kapena pamene mkwiyo wakwera, palibe nthaŵi yokatsekula buku. Munthu amatapa zimene zili kale m'nkhokwe. Ngati muli nkhani ya Yosefe m'nyumba ya Potifara, kapena ya Naboti ndi munda wake, yotafunidwa bwino, idzatuluka yokha.

Kachiŵiri, zimatsekula maso kuti munthu adzione. Ambirife malamulo timaŵadziŵa. Chimene chimatisoŵa ndi kuzindikira kuti lamulolo likunena za ife, lero, pa nkhani iyi. Mfumu Davide ankadziŵa bwino kuti kupha ndi chigololo nzoletsedwa, komabe adagona tulo mpaka mneneri Natani adamsimbira nthano ya wolemera amene adalanda kankhosa ka mmphaŵi. Davide adaweruza mlandu wa munthu wina mwaukali, kenaka adauzidwa kuti wadziweruza yekha. Ndi m'mene Malembo amachitira ndi munthu amene aŵapatsa nthaŵi.

Kachitatu, zimasintha zokhumba za mtima. Aristotle adaona kuti wodziletsa weniweni si amene amangodzikaniza, koma amene wafika pokondwera ndi zoyenera. Lamulo palokha silingampatse munthu chikondwerero chimenechi. Chimadza pokhala nthaŵi yaitali ndi Iye amene timamkonda, mpaka zimene Iye amakonda ziyambe kutikomera. Nchifukwa chake kuŵerenga kuyenera kusanduka pemphero, pakuti pano ndi pa ntchito ya Mzimu Woyera.

Kachinai, zimatuma munthu ku ntchito. Apa mpamene chiphunzitso cha Aristotle chimabwereranso: popanda ntchito yobwerezedwa palibe khalidwe. Maganizo okoma chikwi sapanga khalidwe limodzi. Koma amene watsimikiza kuti sabata ino akamlonjera mlamu wake amene sayankhulana, nakamlonjeradi, waika njerwa yoyamba.

Malimana ambiri amatsata njira ya makwerero 7 imene idakonzedwa ku Lumko, ku South Africa, ndi Bambo Oswald Hirmer ndi anzao: kuitana Ambuye, kuŵerenga, kubwereza mau amene akhudza mtima, kukhala chete, kugaŵana zimene tamva, kukambirana ntchito yoti tichite, ndi kupemphera. Njirayi ndi lectio divina yomwe ija, yokonzedwera anthu osonkhana pakhonde. Koma taonani makwerero amene amalumphidwa kaŵirikaŵiri. La 4, la kukhala chete, limafupikitsidwa chifukwa chete amatichititsa manyazi. La 6, la ntchito, limamezedwa ndi zolengeza ndi kuŵerenga maina a amene sanapereke zopereka. Tikachotsa aŵiriŵa, tachotsa khomo loloŵera mau ndi khomo lotulukira ntchito.

5. Mayeso atatu a ku Mwanza

Mayeso oyamba ndi mlendo. Pa nkhondo ya pachiŵeniŵeni ya ku Mozambique, makamaka kuyambira 1986, anthu adathaŵira kuno mwaunyinji, mpaka chiŵerengero chao m'dziko lonse chidapitirira 1,000,000. Mwanza, pokhala pa malire ndi chigawo cha Tete, adalandira ambiri, ena m'misasa monga ya Chifunga ndi Luwani, ena m'midzi momwe. Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo ambiri adabwerera kwao m'zaka zotsatira. Mu 2015 ndi 2016 enanso adathaŵira ku Kapise, asanasamutsidwire ku Luwani.

Amene adaŵalandira adali a zipembedzo zosiyanasiyana, ndipo ambiri ankalandira abale ao enieni, a chilankhulo chimodzi. Ili ndilo tsinde labwino lija. Koma mwambi wathu umati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti timsamale popeza sakhalitsa. Nanga mlendo akakhala zaka 6, nkhuni nkuyamba kusoŵa, minda nkuchepa, pa chitsime nkukhala mzere? Apa ulemu wachibadwa umatha mphamvu, ndipo pamafunika china. Malamulo a Mose amabwereza kambirimbiri kuti Aisraele asazunze mlendo, ndipo chifukwa chimene amapereka ndi chakuti iwonso adaali alendo ku Ejipito. Mateyo, m'mutu 25, amapitirira apo: Khristu mwini amadziika m'malo mwa mlendoyo. Munthu amene watafuna mau ameneŵa ali ndi chifukwa chopitirizira pamene mame akana kuuma.

Mayeso achiŵiri ndi mantha. M'mwezi wa May 1983, nduna zitatu za boma, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa, a David Chiwanga, adapezeka atafa ku Thambani m'boma lomweli. Boma la nthaŵiyo lidati idaali ngozi ya galimoto. Komiti yofufuza imene idakhazikitsidwa mu 1994 idapeza kuti anthuwo adachita kuphedwa. Pa zaka za pakatipo anthu ambiri ankanong'ona, koma poyera padaalibe wonena. Sitingaŵaweruze ife amene tikulankhula pa mtendere. Tingoona kukula kwake kwa mantha amene angatseke pakamwa dziko lonse.

Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, kalata ya maepiskopi, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona a ku Blantyre, idaŵerengedwa m'matchalitchi a katolika m'dziko lonse. Idanena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za sukulu ndi zipatala, za omangidwa popanda kuzengedwa mlandu, ndi za ufulu wolankhula. Boma lidaitcha youkira, nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka idatenthedwa, ndipo Monsinyolo John Roche a ku Mzuzu adapirikitsidwa m'dziko. Timakumbukira maepiskopi, ndipo nkoyenera. Koma tikumbukirenso ansembe ndi atsogoleri a m'matchalitchi ang'onoang'ono amene adaimirira naiŵerenga mpaka kumapeto, akudziŵa kuti pakati pa omvera pangakhale okanena. Kulimba mtima kotere sikuphuka m'maŵa womwewo. Munthu amene sadazoloŵere kunena zoona pa zazing'ono, ndipo sadakhalepo ndi Amosi, Yeremiya ndi Yohane Mbatizi m'mapemphero ake, sangazipeze mphamvuzo pa guwa mwadzidzidzi.

Mayeso achitatu ndi ndalama, ndipo ameneŵa ngatsiku ndi tsiku. Pa chipata cha Mwanza ndi Zobue pamadutsa magalimoto a katundu ndi mabasi opita ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Pamalo otere pamakhala osintha ndalama, othandiza za mapepala, ogula manachesi kwa alimi amene alibe posungira zipatso zao, ndiponso atsikana amene umphaŵi waŵaika pa ngozi. Ambiri mwa anthu ameneŵa ndi akhristu athu, ndipo ena ndi atsogoleri m'malimana. Luka, m'mutu 3, akusimba kuti okhometsa msonkho ndi asilikali adafunsa Yohane zoti achite. Iye sadaŵauze kuti asiye ntchito. Oyambawo adaŵauza kuti asalipiritse zopitirira muyeso, enawo kuti asalande za anthu, asanamizire munthu, akhutire ndi malipiro ao. Yankholi nlaling'ono, loti munthu angaliyese madzulo alionse. Limana limene laŵerenga mutu umenewu, ngati lili ndi wosintha ndalama kapena wogula zipatso pakati pake, siliyenera kubalalika lisanafunse kuti muyeso wolungama pa ntchito imeneyo ndi uti.

6. Kulimbikira pa chikhulupiriro

Thomas Woyera adaphunzitsa kuti ntchito yaikulu ya kulimba mtima ndi kupirira, kupambana kuputa nkhondo. Zifukwa zake nzomveka: wopirira amalimbana ndi chinthu chomposa mphamvu, amamva kuŵaŵa kumene kulipo kale, ndipo amatero nthaŵi yaitali. Akhristu ambiri a ku Mwanza sadzaitanidwa kuŵerenga kalata yoopsa. Adzaitanidwa kudwazika matenda osachira, kuika mwana m'manda, kudikira mwamuna amene adapita ku Joni nasiya kutumiza mau, kapena kuyambanso pamene mvula yamkuntho yakokolola munda, monga idachitira m'maboma akumwera mu March 2023.

M'fanizo la wofesa mbeu, mbeu ya pathanthwe ndiyo imamera msanga, ndipo mwini wake ndiye amalandira mau mokondwa kwambiri. Chimene ilibe ndi mizu. Luka, pofotokoza za nthaka yabwino, amaonjeza kuti imabereka mwa kupirira. Tisayese chikhulupiriro ndi kutentha kwa mtima pa tsiku la chikondwerero. Pali nyengo zina pamene Malembo amauma m'kamwa, pemphero nkukhala ngati kulankhula ndi khoma. Apa Masalimo amatithandiza kwambiri, chifukwa ambiri mwa iwo ndi madandaulo a anthu amene akumfunsa Mulungu kuti wabisala kuti. Eklezia adatipatsa ife ansembe mapemphero ameneŵa tsiku lililonse kuti tidziŵe kudandaula osachoka pakhomo. Wodandaulira Mulungu akali naye. Amene wasiya kulankhula ndiye ali pa ngozi.

Tisiyanitsenso kulimbikira ndi liuma. Waliuma amakakamira maganizo ake. Wolimbikira amakakamira Mulungu, ndipo chifukwa cha chimenecho amalola kudzudzulidwa. Ndiponso kulimbikira mpaka kumapeto ndi mphatso, monga adaphunzitsira Augustine Woyera ndi Msonkhano wa ku Trent. Palibe amene angadzitame kuti sadzagwa. Petro adadzitama madzulo, tambala asanalire nkukhala atakana katatu. Chidamdzutsa ndi kukumbukira mau amene Ambuye adaamuuza. Nkhokwe ija idagwira ntchito ngakhale atagwa kale.

7. Zoyenera kuchita

Kwa ife ansembe: Mthenga wa Lamulungu likudzalo tiziuŵerenga Lolemba, osati kuti tiyambe kulemba ulaliki, koma kuti utilalikire ife poyamba. Mphindi 20 tsiku lililonse, pa nthaŵi yosasinthasintha, nzopindulitsa kupambana maola atatu Loŵeruka usiku. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Tikamayendera malimana, nthaŵi zina tikhale pamphasa ngati mmodzi mwa omvera, tisunge chete pamodzi ndi anzathu, ndipo tisalole kuti kufika kwa bambo mfumu kusandutse msonkhano wa mau kukhala msonkhano wa ndalama.

Kwa atsogoleri a malimana tiŵaphunzitse zinthu ziŵiri. Choyamba, chete wa mphindi zitatu asungidwe ndithu, ngakhale ena akhosomole. Chachiŵiri, ntchito yosankhidwa ikhale imodzi, yaing'ono, yodziŵika woichita ndi tsiku lake, ndipo msonkhano wotsatira uyambe wafunsa ngati idachitika. Kunena kuti tizikondana si ntchito ai. Kunena kuti Lachinai amai atatu akatungira madzi gogo wa kutsidya, ndipo abambo aŵiri akafolera denga lake, imeneyo ndiyo ntchito. Amene sadziŵa kuŵerenga asaonedwe ngati otsalira, pakuti nthaŵi zambiri ndiwo amasunga mau bwino koposa. Lamulungu la Mau a Mulungu, limene Papa Francis adakhazikitsa mu 2019 kuti lizichitika Lamulungu lachitatu la nyengo ya pachaka, ndi mwai wabwino wophunzitsira zimenezi m'parishi yonse.

Kwa inu abale a ku Kachebere ndi a ku St. Peter's ku Zomba: m'seminale belu ndilo limakudzutsani ndi kukutumani ku tchalitchi. Ku parishi kulibe belu lotero. Kuli matchalitchi ambiri oyendera, miseu yoterera, maliro, misonkhano, ndi usiku wautali wa munthu wokhala yekha. Chimene chidzatsale ndi chokhacho chimene chidasanduka chanu. Dzifunseni tsono pa tchuthi, pamene palibe wokuyang'anirani: kodi bukuli ndimalitsekulabe? Sankhani khalidwe limodzi limene likukusoŵani, mulitchule dzina kwa bambo wanu wauzimu, mufune m'Malembo anthu amene adalimbana nalo, ndipo mukhale nawo chaka chathunthu. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mau otsiriza

Anthu amene tidatumidwa kukaŵatumikira ali ndi tsinde labwino, ndipo Mulungu adaikamo kale moyo wake pa ubatizo. Ntchito yathu si kulenga moyowo, koma kuusamala, mwa iwo ndi mwa ife eni. Mayeso a mlendo, a mantha ndi a ndalama sadathe ndi zaka zapitazo. Adzabweranso ndi nkhope zina, ndipo adzatipeza ndi makhalidwe amene tikuumba lero. Tipemphe Amai Maria, amene Luka akutiuza kaŵiri konse kuti ankasunga zonse mumtima mwao, kuti atiphunzitse kusunga mau a Mwana wao mpaka abereke zipatso.